Tsobola Wakale Akadawawa

Mwezi wathawu padafika mnyamata pakhomo panga, kalaliki wa pa ofesi ina mu mzinda muno, atamangirira katoni kumbuyo kwa njinga. M'katonimo mudali mabuku, onse a mutu umodzi, onse olembedwa ndi iye mwini. Adandifotokozera kuti nkhaniyo adailemba usiku ndi usiku kwa zaka zitatu, ndipo ataona kuti palibe kampani yosindikiza mabuku imene ikumuyankha, adasonkhanitsa timakobiri take nakalipira yekha kwa eni makina osindikizira. Mwambo wokhazikitsa bukulo udachitikira mu holo yabwino. Abale adabwera, anzake a ku tchalitchi adabwera, ndipo bwana wina adagula buku loyamba pa mtengo woposa malipiro a mnyamatayo a mwezi wathunthu, anthu naomba m'manja. Koma chichitikire mwambowo papita miyezi isanu ndi umodzi, ndipo iye sadakumanepo ndi munthu ndi mmodzi yemwe amene adaliwerenga mpaka kumapeto.

"Bambo," adatero, "za ndalama zanga ndidaiwalako kale. Chimene chikundisowetsa tulo nchakuti sindikudziwa ngati ndidalemba zanzeru kapena zopusa. Aliyense akungoti zikomo, mwachita bwino."

Dandaulo lakuti Amalawi sakonda kuwerenga ndalimva kuyambira ndiri mnyamata, ndipo sindilivomereza lonse. Munthu akayenda m'mbali mwa misewu ya ku Limbe kapena ya ku Lilongwe apeza mabuku akale atayalidwa pansi, ena othothoka zikuto, ndipo ogulitsawo sakadapsa ndi dzuwa tsiku lonse kukadakhala kuti ogula palibe. Buku limodzi pa mudzi limayenda m'manja mwa anthu ambirimbiri mpaka masamba ake kuda bii. Chimene tidasowa ife ndi bwalo. Timawerenga aliyense payekha, ngati munthu wodya mobisa chaka cha njala, ndipo tikatseka buku nkhani yathera pomwepo. Tsono ine ndikuti buku limene silikanganitsa anthu lafa, kaya adalilemba ndi katswiri wa makedzana, kaya ndi mnyamata wa katoni uja. Nthenda ya mabuku athu akale ndi ya mabuku odzisindikizira a masiku ano ndi imodzi, ndipo mankhwala amene ndawaona akugwira ntchito ndiwo kuika akale ndi atsopano pa mphasa imodzi, anthu nkuwaweruza mosaopa.

Tiyambe ndi akale. Mu 1933 ku Nkhoma kudasindikizidwa buku la Samuel Josia Ntara lotchedwa Nthondo. Ntara adali mphunzitsi wa pa mishoni, ndipo nkhani yakeyo idapambana pa mpikisano umene lidakonza bungwe la ku London la International Institute of African Languages and Cultures. Mu 1934 T. Cullen Young, m'busa amene adagwirapo ntchito ku Livingstonia, adaimasulira m'Chingerezi naitcha Man of Africa, ndipo mau otsogolera adalemba Julian Huxley. Awerengi aganizire bwino zaka zimenezi. Pamene Chinua Achebe wa ku Nigeria adali asanayambe nkomwe sukulu, kuno kwathu kudali kale buku la nkhani yaitali m'chinenero chathu, lolondola munthu mmodzi kuyambira tsiku lobadwa mpaka la kumanda: ubwana wake wa mwano ndi kuba, ulendo wake wokafuna ntchito kutali ndi kwao, kulowa kwake ufumu, ndi kutembenuka mtima kwake. Pambuyo pa Ntara padabwera ena, monga John Gwengwe amene adalemba Sikusinja ndi Gwenembe, E. J. Chadza, ndipo m'zaka za m'ma 1980 Willie Zingani ndi Jolly Max Ntaba, amene mabuku ao ankabwerekanidwa m'masukulu mpaka kung'ambika.

Nanga mabuku amenewa tidawachita chiyani? Tidawapereka ku mayeso. Sindikunyoza aphunzitsi, pakuti popanda sukulu ambiri a ife sitikadamva ndi dzina lomwe la Nthondo. Koma mwana akamawerenga buku kuti akayankhe funso lakuti tchulani maphunziro atatu opezeka m'nkhaniyi, amaliwerenga monga munthu amamwera mankhwala owawa, atatsinzina. Yankho lidakonzedwa kale, iye angoloweza. Palibe amene amamufunsa ngati adamukonda munthu wa m'nkhaniyo, ngati adamukhulupirira wolembayo, kapena ngati pali tsamba limene lidamukwiyitsa. Mayeso akatha buku limakakulunga usipa ku msika, ndipo mwanayo akakula amanena ndi mtima wonse kuti tsobola wakale sawawa. Akunena zoona monga mwa m'mene adaonera, popeza tsobolayo adamupatsa atamutsuka kale.

Ndidadziwa kuti akadawawa pamene tidamulawa pa kagulu kathu. Tiripo anthu osapitirira khumi, ndipo timakumana Loweruka madzulo pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya mphunzitsi wina wopuma pa ntchito. Gululi liribe dzina, liribe wapampando, liribenso msungichuma, ndipo ndikukhulupirira kuti nchifukwa chake likadalipo. Timabungwe tambiri kuno timayamba ndi zisankho ndipo timafa ndi mkangano wa zopereka, buku lisanatsegulidwe. Muli mphunzitsiyo, mayi wina wogulitsa nsalu ku msika, namwino, telala, ana a sukulu awiri, ndi ife ena. Lamulo ndi limodzi lokha, lakuti usalankhule za buku limene sudaliwerenge.

Tsiku limene tidakamba za Nthondo, mphunzitsi uja adayamba monga mwa chizolowezi chake, nanena kuti mutu wa nkhani yonse ndi kutembenuka mtima kwa munthu woipa. Mayi wa nsalu adamvetsera mpaka kumapeto, kenaka adati: "Aphunzitsi, mundikhululukire. Nthondo wakuba uja ine ndikumudziwa, ndidakula naye nyumba imodzi, ndi mlongo wanga weniweni. Koma Nthondo wa kumapetoyu sindikumudziwa. Akulankhula ngati kuti wina waima kumbuyo kwake ndi kumamuuza zonena." Apo mpamene padabuka mlandu. Kodi Ntara adamaliza nkhani yake chotero chifukwa ndimo udamuuzira mtima wake, kapena chifukwa makina osindikizira adali a mishoni? Mphunzitsi adapsa mtima, nati Ntara adali Mkhristu weniweni, ndipo nkulakwa kuganiza kuti munthu wakuda akalemba za chikhulupiriro chake ndiye kuti wauzidwa ndi Mzungu. Namwino adati zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona nthawi imodzi, pakuti munthu akhoza kukhulupirira chinthu ndi mtima wonse koma nkulephera kuchilemba mwamphamvu monga amalembera zimene adaziona ndi maso. Ine ndidatsamira kwa namwino. M'kuona kwanga bukuli liri ndi mphamvu kwambiri pamene Nthondo akulakwa, chifukwa pamenepo Ntara akulemba za mudzi umene adaudziwa kununkhira kwake, mikangano yake, maliro ake ndi milandu yake. Koma mfundo ya mphunzitsi sindingaitaye, ndipo mpaka lero ikundivutitsa. Tidabalalika kutada, osagwirizana, ndipo sabata yotsatira atatu a ife tidabwera titaliwerenganso. Buku la zaka zoposa 90 lidasowetsa mtendere anthu akuluakulu kwa masiku asanu ndi awiri.

Zidateronso ndi Things Fall Apart la Achebe, limene lidatuluka ku London mu 1958. Telala adaimira Okonkwo pa nkhani yakupha Ikemefuna, mwana amene adakulira m'nyumba mwake namutcha bambo. Adati chiweruzo chidachokera kwa mizimu ya mudziwo, ndipo munthu wa udindo sangathawe. Namwino adamukumbutsa kuti nkhalamba ina idamuchenjezeratu Okonkwo kuti asaikepo dzanja lake, ndiye kuti chimene chidamugwiritsa chikwanje ndi mantha oopa kutchedwa wofooka. Mmodzi wa ana a sukulu aja, amene adakhoza bwino mayeso a buku lomweli, adaulula kuti sankadziwa kuti nkololedwa kudana naye Okonkwo.

Tsono wina adzati: zimenezo nzabwino kwa mabuku amgonagona, koma nkulakwa kutenga kabuku ka mnyamata wongoyamba kumene nkukaimika pafupi ndi Ntara kapena Achebe, kumeneko nkulimbanitsa mwanapiye ndi tambala. Mau amenewa ali ndi chifundo, koma aiwala kuti tambala aliyense adali mwanapiye, ndiponso kuti ena mwa mabuku amene lero timawavulira chipewa adatuluka m'njira yomweyi ya katoni pa njinga. Buku loyamba la Jane Austen wa ku England, Sense and Sensibility, lidasindikizidwa mu 1811 pa pangano lakuti likapanda kugulidwa, chitayiko chikhala cha wolembayo. Ndipo pa chikuto sadalembepo dzina lake. Marcel Proust wa ku France, makampani angapo atamukana, adalipira yekha kuti gawo loyamba la nkhani yake yaitali lisindikizidwe mu 1913. Ku Africa kuno, msika wa Onitsha ku Nigeria udadzala ndi timabuku totsika mtengo kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, tolembedwa ndi makalaliki, aphunzitsi ndi amalonda, ndipo timeneti ndito tidazoloweza anthu wamba kugula nkhani ndi ndalama zao. Ku Kenya m'zaka za m'ma 1970 David Maillu adayambitsa kampani yakeyake ya Comb Books nasindikiza mabuku ake monga After 4.30; ophunzira kwambiri ankawanyoza, boma la Tanzania lidawaletsa mu 1976, koma anthu a m'matauni ankawawerenga ndi kukangana nao.

Ndisanamizepo munthu. Pa Austen mmodzi pali mazana a olemba amene adalipira ndalama zao nasindikiza zinthu zosayenera kukumbukiridwa, ndipo dziko silidataye kanthu powaiwala. Kudzisindikizira si chizindikiro cha luso, monganso kukanidwa ndi kampani si umboni wakuti munthu ndi katswiri wozunzidwa. Chimene chidasiyanitsa mabuku okhalitsa ndi ofota nchakuti adapeza owerenga amene adawasefa, ena kuwatamanda, ena kuwatsutsa, mpaka mankhusu adauluka. Ntchito yosefayo ndiyo ikusoweka kwathu kuno.

Chifukwa chimene olemba athu amadzisindikizira nchodziwika. Makampani osindikiza mabuku m'dziko muno amadalira mabuku a sukulu, pakuti ndiwo ali ndi msika wotsimikizika. Buku la nkhani yopeka limene silidalowe pa mndandanda wa mayeso limagona m'sitolo. Kale kudaliko timipata. A Popular Publications a ku Limbe adayamba kutulutsa mabuku a olemba a Chimalawi m'zaka za m'ma 1970, a Dzuka nawonso adatulutsa ena, ndipo magazini ya Moni ndi nyuzipepala ya Malawi News zinkasindikiza nkhani zifupizifupi. Koma nthawi imeneyo idali ndi chotchinga chake: lamulo la 1968 lidakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi masewero, ndipo bungwelo lidaletsa mabuku ambiri, limodzi mwa iwo Animal Farm la George Orwell. Wolemba ankalemba akuyang'ana kumbuyo. Mantha a mtundu umenewo adachepa kuyambira 1994, ndipo kompyuta yapeputsa ntchito kotero kuti aliyense wokhala ndi ndalama akhoza kunyamula buku lake pakatha masabata ochepa. Ngakhale Steve Chimombo, mmodzi mwa olemba athu akuluakulu, amene adatisiya mu 2015, adakhazikitsa WASI Publications ku Zomba natulutsiramo mabuku ake ena pamodzi ndi magazini ya zaluso. Njirayi payokha iribe manyazi.

Koma wodzisindikizira amataya chinthu chimodzi chachikulu, ndicho mkonzi. Pa kampani yabwino pamakhala munthu wa cholembera chofiira amene ntchito yake ndi kunena kuti mutu uwu ngwautali, munthu uyu adafa pa tsamba lakuti nanga wadzuka bwanji, mau awa si Chichewa koma Chingerezi chovala nsalu. Mwini makina amene walandira ndalama zako sanganene zotere. Iye asindikiza chimene wamupatsa, zolakwa ndi zonse. Ndawerengapo mabuku otere amene mwini nkhani amasintha dzina pakati pa ulendo, ena amene masamba amayoyoka usanafike pakati. Abale nawo sangakuuze, chifukwa amakukonda, kapena chifukwa sadawerenge. Ndipo mwambo wathu wokhazikitsa buku, umene udayamba ndi cholinga chabwino chothandiza wolemba kubweza ndalama zake, wasanduka ngati chinkhoswe: anthu amafupa, amajambulitsa, amadya, ndipo palibe amene angaimirire pa chinkhoswe nkunena kuti mkwati ali ndi chilema. Akulu adati wakutsina khutu ndi mnansi. Wolemba wa lero wazunguliridwa ndi anthu omusisita, ndipo khutu lake palibe walikhudza.

Bwalo lotsina khutu lidakhalapo m'dziko muno, ndipo zipatso zake tikuzidziwa. Mu 1970 ophunzira ndi aphunzitsi ena a pa Chancellor College adayambitsa gulu la olemba lotchedwa Writers Group, koleji isanasamukire ku Zomba. Ankakumana sabata ndi sabata, zolemba za mmodzi wa iwo zitagawidwa kwa onse, ndipo ankazisenda popanda kuyang'ana nkhope, mphunzitsi ndi wophunzira pa mpando wofanana. M'gulu limenelo mudadutsa Jack Mapanje, Lupenga Mphande, Frank Chipasula, Anthony Nazombe ndi ena ambiri. Ankachita zimenezi pa nthawi imene mau ankapalamulitsa; Mapanje adamangidwa mu 1987 nakhala ku ndende ya Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Ngati iwo adatha kuuzana zoona makutu a boma ali pa zenera, ife amene chotiopsa nchakuti mnzathu akwiya tiribe podzikanira. Chimene ndingadandaule nchakuti bwalo limenelo lidali la pa koleji ndipo zambiri zinkakambidwa m'Chingerezi. Mayi wa nsalu uja sakadalowamo, chonsecho ndiye amene adaona msoko wa Nthondo umene ena a ife ophunzira tidaudumpha.

Nchifukwa chake buku la mnyamata wa katoni ndidalitengera ku mtengo wa mango. Ndidagula angapo pa mtengo wake weniweni, ndidagawira anzanga, ndipo tidapangana kuti tiliwerenge pamodzi ndi Nthondo, popeza nalonso likusimba za mnyamata wochoka ku mudzi kukafuna moyo ku tauni. Mwiniwake tidamuitana, koma tidamupempha kuti akhale chete mpaka onse atalankhula.

Sikudali kosavuta. Mphunzitsi adabwera ndi pepala lodzaza ndi zolakwa za kalembedwe, ndipo adaziwerenga zonse mpaka ine ndidachita manyazi m'malo mwa mnyamatayo. Telala adati mitu itatu yoyamba ikadangochotsedwa, chifukwa nkhani ikuyamba pamene mnyamata wa m'bukumo watsika basi ku Wenela alibe kolowera. Namwino adadandaula kuti akazi onse a m'nkhaniyo ndi a mitundu iwiri yokha, mayi wolira ndi mtsikana wonyenga, ndipo adafunsa wolembayo ngati m'moyo wake wonse sadakumanepo ndi mkazi wa mtundu wachitatu. Koma onse adagwirizana pa mutu umodzi wa pakati, pamene mnyamata wa m'nkhaniyo, atalandira uthenga wa maliro a amai ake, akuyenda kwa anzake kubwereka ndalama ya ulendo, ndipo aliyense akumupatsa malangizo m'malo mwa ndalama. Pamenepo palibe mau oonjezera, palibe ulaliki. Mayi wa nsalu adati adalira powerenga, ndipo iye si munthu wolira msanga. Ine ndinene poyera kuti masamba amenewo sachita manyazi kuima pafupi ndi a Ntara.

Chodabwitsa chidadza pa mathero. M'mutu wotsiriza mnyamata wa m'bukumo, atasauka ndi kulakwa kosiyanasiyana, akumana ndi mlaliki, ndipo m'masamba awiri okha mavuto onse atha: ntchito yapezeka, mkazi wabwino wapezeka, ngongole zakhululukidwa. Mayi wa nsalu adaseka mpaka kugwira m'mimba. "Achimwene," adatero, "amene adaima kumbuyo kwa Nthondo uja wabweranso kudzaima kumbuyo kwa wanuyu. Koma inu makina mudalipira nokha. Ndani adakukakamizani?" Funso limeneli silikadafunsidwa tikadapanda kuwerenga mabuku awiriwa pamodzi. Lidationetsa kuti chizolowezi chomaliza nkhani ndi phunziro, chimene ena amati chidadza ndi mishoni ndipo ena amati chidachokera ku nthano za pa moto, chidatilowa m'magazi kotero kuti wolemba waufulu, wopanda m'busa kapena bungwe lounika mabuku pa msana pake, amadziika yekha m'goli lomwelo. Mphunzitsi, monga mwa khalidwe lake, adatsutsa: adati anthu amatembenukadi mtima, ndipo wolemba ali ndi ufulu wolemba zimenezo. Tidamuvomera, koma tidati atembenuke tikuona, pang'onopang'ono, monga adalakwira tikuona.

Mnyamatayo adapatsidwa mpata pomaliza. Nkhope yake idali itagwa, ndipo ndidaopa kuti tamuthyola. Adayankha mphunzitsi pa zolakwa ziwiri zimene adati si zolakwa koma ndi m'mene amalankhulira anthu a kwao ku Mulanje, ndipo pa chimodzi mphunzitsi adagonja. Za akazi sadayankhe. Za mathero adati adalemba chotero chifukwa ankaganiza kuti buku limayenera kutha motero, ndipo Nthondo adaliwerenga ali ku sekondale koma sadaganizepo kuti munthu angalitsutse. Adapempha pepala la mphunzitsi lija nalipinda bwinobwino m'thumba la malaya.

Loweruka lapitali adabweranso, wosaitanidwa, atanyamula Nthondo lobwereka ndi masamba asanu ndi atatu olembedwa pa manja. Adati ndi mathero ena a nkhani yake, ndipo mlaliki akadalimo koma ngongole sizidakhululukidwe. Sitidawawerenge tsiku limenelo chifukwa idali nthawi ya Sikusinja ndi Gwenembe, ndipo telala adali atakonzeka kale ndi mlandu wake. Masambawo adatenga ndi mayi wa nsalu, nati akawawerengera ku msika makasitomala akachepa.